Mutu 7: Nachangu Awongola Waya wa Mabedishiti

1. Malikisi asanu ndi atatu

Pali ana ena amene nzeru zawo zimatopetsa, abale inu. Nachangu anali mmodzi wa ana otero. Dzinali anam'patsa ndi anzake a mu Fomu 3, chifukwa samu isanathe n'kulembedwa komwe pabolodi, iye amakhala atakweza kale mkono. Chopweteka kwambiri n'chakuti kawirikawiri amakhoza.

Lachisanu limenelo aphunzitsi a Fizikisi anabweza mapepala a mayeso. Ana ankawatcha a Kampasi, poti kulikonse ankayenda ndi chikampasi chathabwa m'khwapa, ngakhale popita kukamwa tiyi. Nachangu atangoona pepala lake anaimirira mwaphuma, mpando n'kugwa chagada.

"Aphunzitsi, mwachonga molakwika. Mayankho onse ndakhoza, koma mwandidula malikisi asanu ndi atatu."

"Ndadula dala," anatero a Kampasi. "Funso lililonse linati uyambe wajambula. Zojambula zako zili kuti?"

"Ndijambulirenji poti yankho ndalipeza kale? Kujambula ndi za ku pulayimale. Ife tili ndi fomula, tili ndi kalikuleta."

A Kampasi anaika choko patebulo n'kupukutira manja pa thalauza, imene inali kale mbuu.

"Tamvera, mwana iwe, ndipo nonse mumve, chifukwa ndatopa n'kubwereza. Fomula ukunyadirayo ndi mdzukulu chabe. Agogo ake ndi lula ndi kampasi. Anthu amene anayamba kumvetsa chifukwa chake munthu wofooka amatha kutukula chimwala ndi mtengo wautali, chifukwa chake mgolo umavuta kuukankhira pachitunda chokwera kwambiri, ngakhalenso mmene mwezi umazungulirira dziko, analibe kalikuleta. Ambiri mwa mafomula mukulowezawa analembedwa pambuyo pake. Iwo ankajambula. Ukatsegula mabuku awo umapeza mizere, ngodya ndi zozungulira tsamba ndi tsamba. Jometiri imene mumaijomba Lachiwiri lililonse ndi imene inalera Fizikisi mukuphunzirayi.

"Ndipo sankajambula chifukwa chosowa chochita ayi. Mphamvu si nambala yokha. Mphamvu ili ndi kumene ikulowera. Anthu awiri akamakoka galimoto, wina chakuno wina chauko, sungaphatikize mphamvu zawo ngati ukuwerenga mazira. Kalikuleta siona kumene chingwe chaloza. Imangomeza zimene waipatsa. Ukaipatsa zabodza imakubwezera zabodza, mwachangu, yopanda ndi manyazi omwe. Koma chojambula chimakukaniza, chimakuuza kuti taona apa."

Atatero anajambula pabolodi chingwe chomangidwa pa mitengo iwiri, pakati pake ndowa ili lende.

"Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Ndowayi ikulemera makilo khumi. Mbali iliyonse ya chingwe ikukoka ndi mphamvu yochuluka bwanji?"

"Makilo asanu!" anakuwa Nachangu. "Kugawa pawiri basi."

"Sindinafunse pakamwa pako, ndafunsa lula yako. Lembani mzere woimirira, ukhale kulemera kwa ndowa. Kuchokera pamwamba pa mzerewo lembani mzere wopendekera monga yapendekera mbali imodzi ya chingwe. Kuchokera pansi pake lembani wina wopendekera monga mbali inayo. Pamene mizere iwiriyo ikakumane, thirayango yatsekeka. Muyeze mbali zake, yankho lili pomwepo. Tionana Lolemba."

Nachangu anakopera malangizowo monyinyirika, kokha chifukwa a Kampasi anaima pambali pake mpaka atamaliza. Belu litalira anaponya kope m'chikwama n'kutuluka woyamba, milomo ili chitulukire.

2. Loweruka lachitatu

Kwawo kwa Nachangu kunali nyumba za lendi zinayi zoyang'ana bwalo limodzi. Pakona panali mpopi, ndipo madzi ochapira ankatsata kangalande kodutsa pakati pa bwalolo, kamene sikankauma chaka chonse. Pamwamba pa kangalandeko ndi pamene pankadutsa waya woyanikapo zovala, kuchokera pa ngowe ya pakhoma mpaka pa mzati wachitsulo wa kumpanda, mamita khumi ndi awiri.

Amayi ake anali ochapa zovala. Chitsekereni fakitale imene ankasokako zaka zisanu zapitazo, ankayenda khomo ndi khomo kufunsa zochapa, lero apeza, mawa abwerako chimanjamanja. Mwezi umenewo mwayi unawagwera. Makina ochapira a pa nyumba ina yogona alendo anawonongeka, ndipo akapitawo a kumeneko, mayi wosaseka ndi munthu, anawapatsa mabedishiti kuti awayese.

"Masabata atatu," anatero akapitawowo. "Loweruka lililonse galimoto izibwera folo koloko, ipeze zonse zoyera, zouma, zosita. Mukakhoza katatu ndikakunenerani kwa abwana, akulembeni ntchito yokhazikika. Mukalakwa kamodzi musadzandifunse."

Kawiri konse anakhoza. Ili linali Loweruka lachitatu.

Amayi anayamba kuchapa dzuwa likutuluka. Pofika naini koloko, mabedishiti asanu ndi atatu ndi mabulangete anayi anali m'beseni lalikulu, ofinya kale, oyera kuti mbee. Kenako foni inalira. Akapitawo ankati Amayi apite akatenge makatani, poti munthu wochapa bwino chonchi sangamangopatsidwa mabedishiti okha. Amayi anavina ndi mapewa pang'ono, anavala nsapato, n'kuima pamaso pa mwana wawo.

"Tsono iwe undimvere, ndipo usandiyankhe ndisanamalize, ndimakudziwa. Uyanike theka lokha, mabedishiti anayi ndi mabulangete awiri. Pakati uchirikize ndi mtengo wa mphanda uja. Akauma uanule, uyanike otsalawo. Dzuwa lilipo, nthawi ikwana. Waya ameneyu usamukhudze. Ndikudziwa kuti amakunyansa mmene amalendewerera, tsiku ndi tsiku umamunena. Musiye choncho. Waya wa zovala amafuna mimba. Amene anandiphunzitsa kuchapa anandiuza zimenezi ndili mtsikana, ndipo ndaona ndi maso angawa mizati ikuzuka kwa anthu okonda zowongoka. Chifukwa chake usandifunse, sindinafike Fomu 3 ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti amafuna mimba, basi. Nsaluzi si zathu. Ntchito imeneyi ndaidikira zaka zisanu, mwana wanga, usandiseweretsere."

"Ndamva, Amayi."

Anamva chiyani! Maso ake anali pa wotchi ya pakhoma nthawi yonseyo.

3. Chitsulo cha ankolo

Kalabu ya masamu inkakumana kusukulu wani koloko, ndipo Nachangu sankafuna kuti wina akakhale pampando wake wakutsogolo. Kuyanika kawiri kunatanthauza kulondera nsalu pabwalo mpaka thu koloko. Anayanika theka lija n'kuchirikiza ndi mphanda. Kamphepo katawomba mphanda inaterereka, nsonga ya bedishiti n'kutsala pang'ono kunyambita matope. Anaidzutsa. Inatererekanso.

"Asa! Zinthu zachikale zimenezi!"

Analowa m'nyumba n'kutulutsa waya wotsala pa woyanikapo uja, amene Amayi ankasunga kunsi kwa bedi. Kapepala ka kusitolo kanali kadakalipo, kolembedwa kuti waya ameneyu amapirira makilo 200. Zochapa zonse m'beseni zinkalemera ngati ndowa ziwiri zodzadza madzi, makilo 40. Anagawa pawiri. Makilo 20 kukhoma, makilo 20 kumzati. Anaseka yekha.

"Makumi awiri pa mazana awiri! Ndiye tizivutika ndi kamtengo?"

M'nyumba yakumapeto munkakhala bambo wowotcherera zitsulo, amene ana onse a pabwalopo ankamutcha ankolo a Magalasi, chifukwa cha magalasi akuda amene sankachoka pamphumi pawo. Ankolowo anali ndi chitsulo chokungira waya wa mpanda, cha ngowe mbali zonse ziwiri, chimene ukachipotoza pakati waya amakungika. Nachangu anawapeza m'shedi mwawo akuwotcherera geti.

"Ukufuna ukungire chiyani?" anafunsa.

"Waya wa zovala. Ndawerengera kale, apirira."

"Amayi ako akudziwa?"

"Akabwera adzathokoza."

Ankolo anazimitsa makina n'kukhala pa chitini cha penti.

"Iwe, ine sukulu ndinalekera panjira, koma zitsulo zandidyetsa zaka makumi atatu. Taona geti ili. Chitsulo chopingasachi ukuganiza ndachiika kuti likongole? Taona denga la shedi yangayi. Ndinalipangiranji la nsonga, osangogoneka chitsulo chimodzi chowongoka n'kukapuma? Chinthu chogona chowongoka sichikondana ndi katundu wa pakati. Waya wa mpanda timamukunga chifukwa sasenza kanthu. Wa zovala amasenza. Ukamuwongola amakoka khoma ngati wapenga, ndipo akaduka sachenjeza munthu. Ine ndisanadule chitsulo ndimayamba ndajambula pansi apa ndi choko, ndione mmene chikhalire. Iwe wajambula?"

Mawu omalizawo ndi amene anamupsetsa mtima. Kusukulu jambula, kunyumba jambula!

"Ankolo, mungondibwereka. Nambala sizinama."

"Chitsulo changa sindikupatsa. Kadzutse mphanda."

Nthawi yomweyo kumsewu kunaitana munthu wa wilibala yothyoka mwendo, ndipo ankolo anatuluka kukaiona. Chitsulo chija chinatsala chili lende pa msomali, pafupi ndi chitseko. Nachangu anacheukira kumsewu, anacheukira kuwotchi kudzera pazenera, n'kuchitenga.

4. Waya aimba

Ntchito yake anaigwira mwaluso, zimenezo tisamunamizire. Anaanula nsalu zija, anamasula waya kumzati, anakolekapo chitsulo, n'kuyamba kupotoza ndi kachitsulo kena. Mimba ija inatha pang'onopang'ono mpaka waya anati njo. Atamukhudza ndi chala anaimba ngati gitala. Mphanda anakaiponya kuseri kwa bafa.

Anayanika zonse kamodzi, mabedishiti atawapinda pawiri, mabulangete olemera aja pakati. Waya anatsika. Anapotoza. Anatsikanso pang'ono, iye n'kupotozanso, mano atawaluma, thukuta lili kamukamu. Lula imene anakana kuigwira kusukulu, apa anaitulutsa kuti adzitamire nayo. Anayerekeza ndi mzere wa njerwa za mpanda n'kupeza kuti pakati patsika masentimita 25 okha, pamene kale pankatsika mita yathunthu.

"Onani tsono," anauza nkhuku imene inkadutsa. "Zimenezi zikanachitika kalekale."

Waya anayamba kulira motsitsa, kakulira kosakhala bwino. Munthu wina aliyense akanaleka pamenepo. Nachangu anati apotoze kamodzi kokha, kuti zikhale bwinobwino.

Phwa!

Waya anadukira pafupi ndi khoma. Nsonga yake inakwapula m'mwamba, inam'phonya Nachangu pang'onong'ono kumaso, n'kudutsa m'mabedishiti awiri kuwang'amba. Zonse zinagwera m'ngalande, m'matope a sopo ndi dzimbiri, kuyambira bedishiti yoyamba mpaka bulangete lomaliza. Nkhuku ija inathawa ikukuwa, ndipo pothawapo inapondaponda pa nsalu imodzi imene inagwera pouma.

Ankolo a Magalasi anabwera akuthamanga. Anayang'ana m'ngalande, anayang'ana chitsulo chawo, n'kumuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wakucheka pena?"

"Ayi, ankolo."

"Ndiye uthokoze. Likanakhala diso limenelo." Anachotsa chitsulo chawo n'kuyamba kulumikiza waya.

Thwelofu koloko itangodutsa Amayi analowa pageti, thumba la makatani lili pamutu, akuimba chapansipansi. Nyimbo inathera pakhosi. Anatula thumba, anayenda mpaka pangalande, n'kutola bedishiti imodzi. Dzanja lawo linatulukira mbali inayo.

"Mayo ine! Mayo ine, mwana uyu wandipha!"

"Amayi, nambala zake zinali..."

"Ndinati chiyani?"

"Wayayu ayenera kuti ndi wabodza, chifukwa pa kapepala..."

"Ndinati chiyani, iwe?"

"Munati ndisamukhudze."

"Kakhale apo. Usagwire kanthu. Manja ako andikwana lero."

5. Mizere yokana kukumana

Amayi ananyika nsalu zonse m'mankhwala oyeretsera n'kuyamba kuchapanso. Matope a dzimbiri sachoka msanga, amafuna kunyika, kutikita, kunyikanso. Nachangu anakhala pa katebulo ka pakhonde, za kalabu ya masamu ataziiwala.

Musaganize kuti anatsegula kope chifukwa cha kulapa. Ayi ndithu. Ankafuna kuonetsa Amayi, ankolo ndi a Kampasi omwe kuti wolakwa ndi mwini sitolo amene anagulitsa waya wabodza. Poti a Kampasi ndi ankolo ankafuna chojambula, anati awapatse chojambula chawocho.

Anatsata malangizo aja. Analemba mzere woimirira wa masentimita anayi, sentimita iliyonse kuimira makilo khumi. Anayamba ndi waya wa Amayi, wa mimba, wotsika mita imodzi pa mamita asanu ndi limodzi. Mzere wina kuchokera pamwamba, wina kuchokera pansi. Inakumana bwinobwino pakati pa tsamba. Atayeza anapeza masentimita 12.

"Ha! Makilo 120? Osati 20?"

Anafufuta n'kujambulanso. Inakumana pomwepo.

Kenako anajambula waya wake wowongoka uja, wotsika sentimita imodzi pa masentimita 24 alionse. Mizere iwiri inanyamuka, wina pamwamba wina pansi, ikuyandikirana mwaulesi. Inafika kumapeto kwa tsamba isanakumane. Anapitiriza pa tsamba linalo, lula n'kuchepa, n'kuisuntha. Tsamba lachiwiri linathanso. Anathothola pepala lina n'kulilumikiza, ndipo pamenepo ndi pamene mizere ija inagwirizana zokumana. Masentimita 48. Makilo 480 kukhoma, makilo 480 kumzati.

Anayesa kudzitonthoza kuti katundu sanali pakati yense ngati ndowa ya aphunzitsi, wina anali m'mbali. Anadula theka. Panatsala makilo 240, pa waya wopirira 200. Mwini sitolo analibe mlandu.

Anayang'ananso pepala lija ndipo anaona chinthu chimene kalikuleta sikanamuuza. Waya akamawongoka, mizere imakakumana kutali. Atawongokeratu, mizereyo singakumane n'komwe. Ndiye kuti palibe waya pa dziko lino amene angasenze ngakhale sokosi imodzi ali wowongoka kwenikweni. Nthawi iliyonse imene ankapotoza chitsulo chija n'kumadziyamikira, ankachita kumuwonjezera katundu.

Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Anatenga mapepala ake olumikizawo n'kupita pamene Amayi ankafinya bulangete.

"Amayi, ndapeza chifukwa chake."

"Eti?"

"Waya akawongoka, thirayango imatalika, ndiye mphamvu yokoka imakula. Pamafunika kuti pakati pakhale potsika, kuti..."

"Kuti akhale ndi mimba."

"Eee."

"Zikomo kwambiri pondiuza, aphunzitsi. Katenge mphanda kumene unaitaya."

Ankolo anali atalumikiza waya, mimba yake yabwerera. Theka loyamba linakwera pawaya hafu pasiti thu. Linalo linatsala m'beseni kudikira malo, ndipo simbi inali isanayatsidwe n'komwe.

6. Folo koloko

Galimoto sinachedwe ndi mphindi imodzi yomwe. Akapitawo eni ake anatsika, dalaivala akuwatsata pambuyo ndi madengu awiri opanda kanthu. Anaima pakati pa bwalo. Anagwira bedishiti ya pawaya, yachinyezi. Anasuzumira m'beseni, muli madzi chuchuchu. Pa mpando panali mabedishiti awiri ong'ambika aja, ndipo anawatambasula onse awiri, imodzi imodzi, osafulumira.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

Amayi anapukuta manja pa epuloni n'kuwerama pang'ono.

"Waya anaduka, bwana. Kulakwa n'kwanga, sindinamuyang'ane bwino. Mutandipatsa maola awiri okha..."

"Si choncho ayi," anatero Nachangu. "Amayi anandiletsa. Ankolo anandiletsa. Ndinatenga chitsulo mwakuba n'kumukunga ndekha. Amayi kunalibe, anali kwanu kukatenga makatani. Wolakwa ndine."

Akapitawo anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa Amayi.

"Mwana wanu amanena zoona, chimenecho n'chabwino. Koma ine ntchito sindinapatse mwana wa sukulu, ndinapatsa inu. Alendo akufika sikisi koloko. Ndiwagoneka pa chiyani, pa mapepala ali m'manja mwakewo? Ine ndinakuikirani kumbuyo, mayi. Ena ankati titengere zochapa kwa a makina m'tauni, ine n'kumati ayi, pali mayi wina wa manja abwino. Lero ndikaoneka wabodza ndine. Ndipo iwe mtsikana, umve. Kunyumba kuno ukalakwitsa sapereka pepala lina kuti ubwereze. Amene amalipira kulakwa kwako ndi uyu waima apayu, manja ake taona mmene asuwukira."

Anakodola dalaivala. Iye anaanula zachinyezi zija n'kuziika m'dengu, anakhuthulira za m'beseni m'dengu linalo. Atatero anayang'ana thumba la makatani limene linali pakhonde, lisanamasulidwe.

"Nalonso," anatero akapitawo.

Amayi anangoliperekeza ndi maso thumbalo mpaka litalowa m'galimoto.

"Ong'ambikawa ndikusiyirani," anatero akapitawo ali pageti. "Ndi katundu wa abwana, ndipo ine sindikawanamiza. Lolemba eyiti koloko amakhala mu ofesi. Wofuna kukafotokoza akafotokoze yekha. Mawu anga ndinanena kale tsiku loyamba."

Galimoto inapita. Ankolo a Magalasi analowa m'shedi mwawo mwakachetechete n'kutseka chitseko. Amayi anavundikira beseni n'kukhalapo, manja ali pamaondo, akuyang'ana waya wopanda kanthu.

Nachangu analira. Analira kwenikweni, osati kulira kwa malikisi, mamina ndi misozi pamodzi. Anagwada pambali pa beseni.

"Pepani, Amayi."

"Sopo wotsalayo ukamuike pamwamba pa kabati. Kaya tidzamufuna liti."

"Lolemba mukapita?"

"Ndikanene chiyani kumeneko? Kuti ndili ndi mwana wanzeru?"

Mawu amenewo anamupweteka kuposa mbama. Anakhala chigwadire kanthawi, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Amayi anamva mabuku akugwera pabedi, limodzi limodzi. Atasuzumira pakhomo anapeza chikwama cha kusukulu chili chopanda kanthu, mwana akupinda mabedishiti ong'ambika aja bwinobwino, ngodya kwa ngodya, n'kuwalowetsamo.

"Lolemba uli ndi sukulu, iwe."

"Ndikudziwa, Amayi."

"Abwana amenewo sunawaonepo. Akapitawo omwe wawaona aja amayamba apuma kaye pakhomo asanagogode. Mlonda wa pageti sangakulowetse n'komwe ndi yunifolomu yakoyo."

Nachangu anatseka zipi, anapukuta kumaso ndi mkono, n'kukoleka chikwamacho pa msomali wa pafupi ndi chitseko.

"Minibasi yopita kumeneko amakwerera pati, Amayi?"